Jekete la kwa Longwe ndi Mlongo Wake

Mukatsika minibasi ya ku Mzuzu pa Nkhata Bay n'kulowera cha kumsika, kuseri kwa ogulitsa kaunjika muona nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi chikwangwani chachikulu kuposa chitseko chake. Pachikwangwanipo palembedwa kuti Longwe ndi Mlongo Wake, Osindikiza Mabuku, ndipo m'munsi mwake andandalikamo nthambi zisanu za kampaniyo. Mlendo akawerenga amayesa kuti m'katimo muli maofesi ndi alembi oyenda pa gogoda. Ayi ndithu. Nthambi iliyonse ndi tebulo limodzi, ndipo nthambi yachisanu inakhala zaka zoposa makumi atatu ili thabwa lokhomedwa kukhoma, lopanda kanthu.

Ine ndine Dinah, wosoka mabuku. Kwathu ndi ku Nkhotakota. Kuno ndinabwera ndi ukwati, ukwatiwo unatha, ine n'kutsala. Ndagwira ntchito ndi mayi Tryphena Longwe zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, choncho ndikamanena za iwo musandifunse kuti ndinamva kwa yani.

Mayi Tryphena ndi munthu wamfupi wa mawu aakulu. Akati "ayi" ali m'kati mwa nyumba, ogulitsa usipa kumsika amatembenuka. Anabadwa mu 1958, sukulu analekezera Fomu 2, ndipo ntchito yawo yoyamba inali yosesa pa ofesi ya mpingo. Mlembi wa pa ofesipo akapita kukadya masana, iwo ankakhala pampando wake n'kumagogoda makina otaipira ndi zala ziwiri. Tsiku limene anawapezerera, mlembiyo anafuna kukalipa, koma ataona pepalalo anapeza kuti mulibe cholakwa ngakhale chimodzi, pamene iye ankalakwitsa mzere uliwonse. Anangowauza kuti amalize kalatayo.

Mu 1980 anapeza makina awoawo akale, n'kuika tebulo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi maofesi a boma. Ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito, odandaula za malire a munda, ndi opita kwa abale amene anachona ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Imeneyo ndiyo nthambi yoyamba, ya makalata. Pansi pa mango omwewo ndi pamene panabadwira lamulo limene kampani ikuyendera mpaka lero: pepala silituluka mwiniwake asanalimve ndi makutu ake n'kuvomera. Ngakhale munthu wophunzira, mayi Tryphena ankamuwerengera mokweza, ati maso amadumpha koma khutu silidumpha.

Mchimwene wawo, a Gresham, anagwira ntchito kosindikizira mabuku ku Bulawayo zaka khumi ndi zinayi. Mu 1987 anatsika sitima ya Ilala ndi bokosi lamatabwa limene amtengatenga anayi a padoko anavutika nalo mpaka kumtunda. Anthu anatsatira pambuyo akuti muli wailesi yaikulu ya malekodi. Atatsegula, munatuluka makina akuda opukusa pamanja, onunkha inki. Anthu anabalalika akuseka, ati anzake amabwera ndi njinga, uyu wabwera ndi chigayo cha mapepala.

Polemba chikwangwani panabuka mkangano woyamba.

"Tilembe kuti Longwe ndi Ana Ake," anatero a Gresham. "Ku Bulawayo amalemba choncho."

"Ana anuwo ataipapo kalata iti, achimwene?" anafunsa mayi Tryphena.

Wolemba chikwangwani anayang'ana uku, nayang'ana uku, n'kulemba zimene mukuziona lero.

Makina opukusawo anabala nthambi yachiwiri, ya maliro ndi maukwati. Kuno maliro opanda pulogalamu yolembedwa mbiri ya malemu amaoneka ngati a munthu wopanda abale, choncho tebulo limenelo silinapumepo. Yachitatu inali ya sukulu, yosindikiza mafunso a mayeso akale ndi timabuku tothandiza ana a Sitandade 8. Ine ndinalowera pamenepo. Chinyezi cha kuno chimadya tiwaya tomangira mapepala, miyezi itatu tachita dzimbiri, timabuku tikuyoyoka. Nthawi imeneyo ndinkasoka zigamba pakhonde la sitolo ina. Mayi Tryphena anaima patsogolo panga, nanyamula thalauza limene ndinkasoka, nayang'ana msoko, n'kunena kuti, "Mawa ubwere ndi singano yaikulu." Sanandifunse ngati ndikufuna.

Nthambi yachinayi, ya zithunzi, inatsegulidwa mu 1996 a Gresham atagula kamera. Apa ndiyenera kunena zoona za Atonga, ngakhale ndimawakonda ndipo ana anga ndi Atonga. Pa nkhani ya kutchena alibe mnzawo. Bambo wa kuno angagone ndi njala, koma malaya asitidwa. Tsono akuluakulu ankaopa chinthu chimodzi kuposa imfa yeniyeniyo: kuti pa pulogalamu ya maliro awo ana adzaika chithunzi chimene anawajambula akusoka ukonde atavala vesiti yobooka. Ndiye anayamba kudzajambulitsiratu. Aliyense ankabwera yekha, masana dzuwa lili paliwombo, akuyang'ana uku ndi uku ngati wodzagula mankhwala a matenda ochititsa manyazi. Akalowa kuseri kwa katani ankatsokomola pang'ono, n'kunena kuti jekete lawo lili kochapa.

A Gresham sankafunsa zambiri. Pamsomali kuseri kwa kataniyo pankakhala jekete lawo lakhofi, la mizere yopingasa, ndi kansalu kofiira m'thumba la pachifuwa. Kansaluko ndinakasokerera ndine kuti kasamasowe. Mkulu ankavala, nakweza chibwano, kamera n'kuthwanima. Chithunzi chimodzi ankapita nacho kukapachika pabalaza, china chinkatsala m'kabati mwathu kudikira tsiku lake. Tsikulo likafika, makina athu akuda ndi oyera ankasandutsa jeketelo chimdima chabe, ndipo palibe amene ankalizindikira.

Nanga thabwa lija? Mayi Tryphena analikhoma okha tsiku lotsegulira kampani, nalemba pansi pake kuti Nthambi ya Mabuku. Ankafuna chinthu chimodzi m'moyo wawo: buku lenileni, la msana wolembedwa dzina, la m'Chitonga, lonena za anthu a kuno. Ankati nyimbo za kutchalitchi tili nazo, mbiri za akufa timasindikiza mlungu ndi mlungu, koma munthu wa pa Nkhata Bay sanadziwerengepo yekha ali moyo. Zaka zinapita thabwalo likungolandira fumbi, chifukwa wamaliro sadikira ndipo mayeso sadikira. Loweruka lililonse ankalipukuta.

A Gresham anamwalira mu 2011. Mwana wawo Henderson, bambo wa mimba yake ndi ana ake atatu, anasiya kuyendetsa minibasi n'kudzalowa m'malo mwawo. Sindimunena, kompyuta anabweretsa ndi iye ndipo ntchito inapepuka. Koma maso ake anali pakhoma lija. Ankafuna kuchotsa thabwalo kuti aikepo masoketi otchajira anthu mafoni, ati imeneyo ndiye nthambi ya masiku ano. Chaka ndi chaka azakhali ake ankamuyankha ndi "ayi" wawo uja. Kenako maso a mayi Tryphena anayamba kuchita nkhungu, ndipo mu Januwale 2022 iwo eni anamuitana Henderson.

"Undipatse chaka chino," anatero. "Likapanda kukhalapo buku pofika Disembala, thabwalo udzazule ndi manja ako."

"Yewo, ankhazi," anayankha Henderson, ndipo ndinamuona akuyeza khomalo ndi maso.

Buku limene anasankha linali la amuna a kuno amene anapita ku migodi ya ku Joni, ku mafamu ndi ku mahotela a ku Zimbabwe, n'kubwerako. Anapeza makumi atatu ndi asanu ndi atatu amene anali moyo. Miyezi isanu ndi iwiri tinakwera ndi kutsika zitunda za tauni ino, iwo atagwira phewa langa. Ankamvetsera, n'kubwerera kudzataipa pa makina awo akale osayang'ana, poti zala zinali zikuonabe. Henderson ankalowetsa m'kompyuta. Kuwerengera eni nkhani mokweza inali ntchito yanga, ndipo Chitonga changa cha ku Nkhotakota chinaseketsa makomo ambiri. Koma aliyense anamva mawu ake onse n'kuvomera. Nkhani zake zinali zokoma zedi. Aliyense anali kapitawo, aliyense mzungu ankamudalira, aliyense anabwerako ndi masutikesi awiri.

Zithunzi sitinavutike nazo, tinangotsegula kabati. Masamba a zithunziwo Henderson anakasindikiza ku Mzuzu, amitundu, anthu anayi patsamba. Ine ndinasoka mabuku mazana atatu mpaka zala zinatupa.

Tinakhazikitsa bukulo mu Seputembala, m'holo ya mpingo, Loweruka m'mawa. Akuluakulu aja anakhala kutsogolo, akazi awo mbali inayo. Mayi Tryphena anavala duku latsopano, ndipo sindinawaonepo akusangalala chotero. Pemphero litatha tinagawa mabuku kuti anthu aone. Mayi Dolly, akazi awo a Mackford Manda, mkulu wa mpingo amene amuna onsewo ankamumvera, ananyambita chala n'kutsegula pakati penipeni pa zithunzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayankhula, ndipo mawu awo si a munthu wodziwa kunong'ona.

"Ada, jekete ili si lija la ku Joni, limene munati mutangojambulitsa linagwera m'nyanja muli pa Ilala?"

A Mackford anayang'ana kudenga.

Mayi Dolly anapitiriza. "Nanga a Gibson ndi amene analivuula? Taonani alivala apa. A Simon nawonso. Iii, ndi awa! Ndi kansalu kofiira komwe!"

Mbali ya amayi kunamveka mapepala akutembenuzidwa, kenako kuseka kunayamba kumbuyo n'kubwera kutsogolo. Wina anawerenga mokweza mpaka makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Amuna makumi awiri ndi asanu ndi anayi, ena onenepa jekete likuwathina, ena owonda manja akubisika, onse atakweza chibwano m'jekete limodzi. Aliyense anali atauza banja lake nkhani yakeyake ya kumene jeketelo linapita. Manyazi anandigwira ngati ndavulidwa chitenje pamsika. Akuluakuluwo anaimirira mmodzimmodzi, nasiya mabuku pamipando, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Mudzafunsa kuti anthu atatu akuluakulu sitinaone bwanji. Henderson ankayang'ana ngati nkhope zakhala pakati. Ine ndinkayang'ana ulusi, komanso jeketelo ndinalizolowera ngati khoma la nyumba. Mayi Tryphena sankaona. Mawu onse tinawawerenga mokweza, koma chithunzi sachiwerenga mokweza.

Lolemba a Mackford anabwera ndi anzawo awiri. Sanakhale pansi.

"Ama, mwativula pagulu," anatero. "Buku limenelo lisatuluke. Ine sindinavomere zimenezo."

Ndinkayembekezera kuti denga lisasuka. Koma mayi Tryphena anangoti, "Mwanena zoona, ada. Simunavomere. Silituluka." Lamulo linali lawo, sakanalithyola. Mabuku mazana atatu analowa m'makatoni pansi pa tebulo langa, ndipo ndikamasoka ndinkawagunda ndi mapazi.

Henderson anabwera ndi nzeru yake. "Ankhazi, izi n'zosavuta. Pa kompyuta jekete ndilisintha kala, uyu buluu, uyu bulaki, uyu gileyi. Pofika Lachisanu aliyense ali ndi lake."

"Amayi aja aona kale," anayankha. "Madzi akatayika saoleka. Ukufuna atiseke kawiri?"

"Ndiye thabwa lija ndizule?"

"Kalendala yako yafika Disembala?"

Lolemba linalo mayi Tryphena anandiuza kuti nditulutse tebulo ndi makina otaipira pakhonde. Iwo analowa kuseri kwa katani, natenga jekete lija, nalipachika pamwamba pa chitseko, poonekera aliyense wopita kumsika. Ine ndinati amayi awa apenga. Anakhala pansi pake n'kutaipa tsamba limodzi, nandiuza kuti ndilimate pachitseko pamodzi ndi chithunzi cha mchimwene wawo. Tsambalo linkati: "Gresham Longwe anagwira ntchito ku Bulawayo zaka khumi ndi zinayi. Suti yake, wotchi ndi nsapato anagulitsa kuti makina akwere naye. Anatsika padoko atavala malaya a mnzake. Jekete ili analigula pa kaunjika wa kuseri kuno, ndipo anauza akazi ake kuti ndi la ku Bulawayo. Ine mlongo wake ndinkadziwa, ndipo sindinachitepo naye manyazi."

Zaka zonse zija ine sindinkadziwa zimenezi. Henderson nayenso sankadziwa. Anawerenga ataimirira, nawerenganso, n'kulowa m'kati. Tsiku limenelo kompyuta sinayatsidwe.

Anthu anaunjikana pakhomo masiku awiri. Ena ankaseka, koma kuseka kwake kunali kutachepa mphamvu. Lachinayi kunabwera a Gibson, masana ndithu, koma ulendo uno sanayang'ane uku ndi uku. Anakhala pabenchi n'kunena kuti masutikesi awiri aja anali amodzi, ndipo imodziyo inabedwa pa siteshoni asanafike n'komwe pamalire. Mawa lake a Simon anafotokoza kuti suti anabwera nayodi, yabwino, koma anapeza bambo awo akudwala, ndipo atamwalira analibe chowaveka, choncho sutiyo ili kumanda. Mkulu wina sanataye nthawi. Anangoti, "Jekete langa ndinamwera mowa. Lembani choncho, ama, ana adziwe."

Pofika Novembala amuna makumi awiri ndi asanu ndi atatu anali atabwera. Nkhani zatsopanozo zinaposa zoyamba zija kutalitali, moti asanu ndi anayi a majekete awoawo anayamba kudandaula kuti masamba awo akuoneka ozizira. Henderson anasindikiza masamba owonjezera osauzidwa kawiri. Ine ndinasomola ulusi m'mabuku onse mazana atatu, ndikung'ung'udza ndithu, n'kuyala masamba m'milumilu kudikira kusokanso.

Koma a Mackford sanabwere. Popita kumsika ankadzera tsidya lina la msewu, khosi lili gwa. Anzawo onse anali atanena kuti ngakhale avomera, buku lisatuluke mkulu wawo asanavomere. Mayi Tryphena sanatume munthu kukawapempha, ndipo ine nditati ndipiteko anandiletsa. Disembala analowa. Henderson sankanenanso za masoketi, koma azakhali ake ndi amene anamukumbutsa kuti pangano ndi pangano, ndipo anaika hamala patebulo lake. Ndinakwiya nawo kwambiri tsiku limenelo. Munthu wadikira zaka makumi atatu ndi zisanu, n'kumapereka yekha hamala!

Kutatsala masiku khumi kuti chaka chithe, a Mackford anatulukira m'mawa, malaya ali ngwe. Anakhala pafupi ndi makina n'kuyankhula motsitsa kwambiri, moti ine pa tebulo langa sindinamve kanthu. Mayi Tryphena anataipa tsamba limodzi ndi theka. Nditatambasula dzanja kuti ndiwawerengere, mkuluyo anagwira pepalalo.

"Pano ayi," anatero. "Mubwere kunyumba. Alipo wofunika kumva."

Mawa lake tinakwera chitunda cha kwawo, mayi Tryphena akupuma kawiri m'njira. Mayi Dolly anatiyalira mphasa pakhonde, nakhala chapatali akusenda chinangwa. A Mackford anavala magalasi, nati awerenga okha. Anawerenga kuti ku mgodi sanakhalepo kapitawo. Anavulala mwendo chaka chachitatu, ntchito n'kutha, ndipo zaka ziwiri zotsatira ankagona pansi m'chipinda cha mnzawo, akuopa kubwera kumudzi chimanjamanja. Jekete limodzi limene anagula ndi thukuta lawo analigulitsa pamalire kuti basi iwafikitse kwawo. Kwa mtsikana amene ankawadikira ananena kuti jeketelo akusunga achimwene awo ku Chintheche, ndipo bodza limenelo analisenza mpaka ukalamba.

Mayi Dolly sanasiye kusenda.

"Mlongo wanga anali m'basi yomweyo," anatero. "Anakuonani mukugulitsa. Anandiuza tisanakwatirane, ati ndiganize bwino. Ndinaganiza bwino. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudikira kuti munene nokha, ada. Ine sindinakwatiwe ndi jekete."

Mayi Tryphena anapendeketsa mutu, nandigwira mkono.

"Dinah, chikuchitika n'chiyani? Sindikuona."

"Avula magalasi," ndinanong'ona. "Akulira. Koma akugwedeza mutu kuti inde."

"Basi," anatero mokweza, akufufuza ndodo yawo pamphasa. "Ndidzutse. Uli ndi mabuku mazana atatu oti usoke."